Kalasi ya digiri kuno ku UK amaiwerengera bwanji? Chaka chachiwiri chandigwetsa

NaPhiri_22
Moni nonse a pagulu. Ndili chaka chomaliza kuno ku England, digiri ya zaka zitatu ya za bizinesi, ndipo kunena zoona tulo sindikulipeza. Chaka choyamba ndinakhoza bwino avereji 71, chachiwiri zinavuta ndinatsika mpaka 56 ndi kena kake, ndiye nthawi yonseyi ndimadzilimbitsa mtima kuti akadzaphatikiza zaka zitatuzo n'kugawa ndi 3 ndidzatuluka ndi kalasi ya 2:1, yotsatana ndi First, popanda vuto. Dzulo mnzanga wa m'kalasi wandiuza kuti chaka choyamba sachiwerengera n'komwe. Zoona zimenezi? Ndiye kuti thukuta lonse lija linangopita m'madzi? Amene munadutsamo ndithandizeni, ndikufuna 2:1 chifukwa ndikuganiza zopitiriza masitazi.

Chigumula_Boy
Ndi zoona. Chaka choyamba bola kukhoza basi, 40 ndi 71 ndi chimodzimodzi pa kalasi.

MwanaWaMlimi
@Chigumula_Boy musamuopseze munthu ndi mawu awiri. Nzoona kuti mayunivesite ambiri sawerengera chaka choyamba koma si onse, alipo ena amachipatsa kagawo kochepa ngati 10 pa 100. Achemwali choyamba pezani malamulo a yunivesite yanu, amawatcha academic regulations kapena ali mu handbook ya kosi yanu, musakemo mawu oti classification. Palibe lamulo limodzi la dziko lonse pa nkhani imeneyi, sukulu iliyonse ili ndi kawerengedwe kake, nthawi zina ngakhale madipatimenti a sukulu imodzi amasiyana.

AphunzitsiAMasamu
Mwanawe khala pansi tiwerengere limodzi, zinthuzi zimaopsa ukamazimva m'makonde koma pa pepala ndi masamu a fomu 2.

Malire ake ali chonchi pafupifupi kulikonse kuno: 70 kupita m'mwamba ndi First, 60 mpaka 69 ndi 2:1, 50 mpaka 59 ndi 2:2, 40 mpaka 49 ndi Third. Chaka chilichonse chili ndi makirediti 120, omwe ndi muyezo wa kukula kwa maphunziro, zaka zitatu 360. Chaka choyamba amachitcha level 4, chachiwiri level 5, chomaliza level 6. Zomwe zimasiyana ndi kulemera komwe amapereka ku level 5 ndi level 6. Ambiri amachita 1:2, kutanthauza kuti chaka chomaliza chimawerengedwa kawiri, chachiwiri kamodzi, n'kugawa ndi 3. Ena 40 kwa 60, ena 30 kwa 70, ena 25 kwa 75, ena theka ndi theka.

Tiyerekeze avereji yako ya chaka chachiwiri ndi 56. Pa 1:2 ukufunika 180 kuti ukagawa ndi 3 upeze 60, chotsapo 56 kutsala 124, gawa pawiri ndi 62. Pa 25 kwa 75 ukufunika 61.3 basi. Pa 40 kwa 60 ndi 62.7. Ngati ndi theka ndi theka ndiye 64. Ukuona kuti konseko si phiri loti munthu amene anapezapo 71 angalephere kukwera. First yokha ndiye yatalikira, pa 1:2 ingafune 77 chaka chino. Tatiuza malikisi a mojulo (phunziro) iliyonse ndi makirediti ake tiwerenge zenizeni.

NaPhiri_22
Zikomo bambo, mtima wayamba kutsikako. Chaka chachiwiri mamojulo analipo sikisi onse a makirediti 20: 65, 62, 60, 58, 55 ndi 40. Ya 40 ija ndi imene ndinalephera mu January n'kulembanso mu August, pa pepala la lekichara panalembedwa 67 koma pa transcript anaika 40. Chaka chino semesita yoyamba ndapeza 63 ndi 59, kwatsala mamojulo awiri a makirediti 20 ndi dizeteshoni, kafukufuku wolemba womalizira, ya makirediti 40.

Chigumula_Boy
Sapu ndi choncho, amaidula pa 40 olo upeze 90. Ine inandipweteka chimodzimodzi.

AphunzitsiAMasamu
Onkhetsa sikisi amenewo ndi 340, gawa ndi 6 ndi 56.67. Akanakupatsa 67 ija bwenzi uli pa 61.17, ndiye waona kuti chakugwetsa ndi mojulo imodzi yokha, zinazo uli pakhomo pa 2:1 kale.

Tsopano chaka chino, tingoyerekeza kuti kwanu ndi 1:2. Ukufunika avereji ya 61.67. Ganiza kuti chaka chili ndi magawo sikisi a makirediti 20, dizeteshoni ikudya magawo awiri. Onse pamodzi akufunika 370, uli nazo kale 63 ndi 59 zomwe ndi 122, kwatsala 248 pa magawo anayi, 62 gawo lililonse. Koma taona apa: dizeteshoni ukapeza 66 imawerengedwa kawiri, 132, ndiye mamojulo awiri aja 58 iliyonse yakwana. Dizeteshoni ikakhala 58, mamojulowo afunika 66 iliyonse. Malikisi amodzi a dizeteshoni ndi awiri a kwina. Ana ambiri amalakwitsa pomwepa, amathera masabata atatu pa kaasayimenti ka 30 pa 100 ya mojulo ya makirediti 20, dizeteshoni n'kuilemba mothamanga mu April.

Mai_a_Tadala
Pepani ndilowerere ngakhale sukulu yake sindinafikeko. Mwana wanga wamkazi ali chaka chachiwiri, tsiku lina anabwera akusangalala kuti wapeza 68, ine n'kumufunsa kuti nanga 32 inayo yapita kuti. Anakhumudwa mwana mpaka osadya nsima. Ndiye mukutanthauza kuti 68 ndi yabwino ndithu?

MwanaWaMlimi
Mayi mukampepese mwanayo, 68 ndi 2:1 yapamwamba, yatsala 2 kuti ikhale First. Kuno makamaka maphunziro olemba nkhani zitalizitali monga malamulo, mbiri, sosholoje, munthu kupeza 80 ndi zosowa kwambiri. A masamu ndi uinjiniya ndi amene amatha kufika ma 90 chifukwa yankho likakhala lolondola palibe chomuchotsera.

Mai_a_Tadala
Ayi ndamva, ndimuphikira nkhuku Lamulungu.

Kaning'ina_Glasgow
Kungowonjezera kuti ena asasokonezeke, kuno ku Scotland ndi zina. Digiri ya honours ndi zaka zinayi, makirediti 480, ndipo zaka ziwiri zoyambirira sizilowa mu kalasi, zimangokutsegulira chitseko cholowera honours. Kalasi imachokera chaka chachitatu ndi chachinayi. Komanso ku University of Glasgow sagwiritsa ntchito maperesenti pa magiredi, ali ndi sikelo yawo yofika 22, A1 ndiye 22. Ine chaka changa choyamba nditaona 16 ndinkayesa ndalephera koopsa, osadziwa kuti ndi B yabwinobwino. Amene akuwerenga pano ali ku Scotland asatenge masamu a level 5 ndi 6 aja n'kumadziwerengera nawo.

Bra_Kondwa_CPT
Inu a ku UK muli pabwino. Kuno ku UCT, University of Cape Town ku South Africa, First imayambira 75, upper second 70 mpaka 74, lower second 60 mpaka 69, ndipo kukhoza ndi 50 osati 40. Ndiye 65 yanu mukuitcha 2:1 kuno ndi lower second. Komanso honours kuno nthawi zambiri ndi chaka china chapadera ukamaliza digiri ya zaka zitatu.

MwanaWaMlimi
@Bra_Kondwa_CPT manambala a mayiko awiri sungawaike pa sikelo imodzi choncho achimwene, kachongedwe kake n'kosiyana. Pepala lomwelo wina angalipatse 65 kuno wina 72 kumeneko. N'chifukwa chake pali mabungwe oyerekeza mapepala, kwanuko SAQA, kuno UK ENIC yomwe kale inkatchedwa NARIC, kumudzi NCHE.

Zomba_Plateau
Ife a ku Chanco nthawi yathu digiri wamba inkatuluka ndi Distinction, Credit kapena Pass, za First ndi upper second tinkazimvera kwa anzathu a malamulo poti yawo ndi ya honours. Ndipo chomwe tinkaopa chaka choyamba si kalasi ayi, kunali kuwididwa. Mayina akamatuluka munthu umachita kunjenjemera. Ndiye ndikamamva ana akuti chaka choyamba sichiwerengedwa bola 40, ndimaona kuti mwina n'chabwino ndithu, munthu wangochoka kwawo, chizungu cha malekichara chothamanga, kuzizira, kalembedwe ka marefarensi sanakaonepo, amupatse chaka choti aphunzire njira.

Chigumula_Boy
Koma zonsezi mukuvutikiranji, kalasi ya digiri amafunsa ndani? Ine ndili ndi 2:2 ndikugwira ntchito chaka chachinayi, palibe anandifunsapo. Viza ya Graduate, yokhalira kuno ukamaliza sukulu, nayo safunsa kalasi, bola wamaliza kosi.

Anganga_HR
@Chigumula_Boy pang'ono mukunena zoona pang'ono ayi. Ine ndimakhala nawo pa ma intaviyu kuno ku Lilongwe, munthu akagwira ntchito zaka zitatu zinayi sitiyang'ananso kalasi, timayang'ana zomwe wachita. Koma pa ntchito yoyamba pakabwera makalata 300 pa malo awiri, mukuganiza timasefa ndi chiyani? Ndipo mtsikanayu wanena yekha kuti akufuna masitazi. Sikolashipu ya Chevening kawirikawiri imafuna digiri yofanana ndi 2:1 kuphatikiza zaka ziwiri za ntchito, ya Commonwealth nayonso imayang'ana 2:1. Pamenepo 59 ndi 60 ndi mtunda wautali.

Chigumula_Boy
Kampani ya PwC kuno inachotsa lamulo la 2:1 polemba ntchito mu 2022. Civil Service Fast Stream, njira yolowera ntchito za boma kuno, amalandira 2:2. Zinthu zikusintha amayi.

Anganga_HR
Zikusintha inde koma osamuuza mwana amene akadali ndi miyezi inayi m'manja kuti agone. Inu zanu zinatha kale, iyeyu mpata ulipo.

Mlamu_wa_Luton
Ine nkhani yanga ndi ina. Ma First masiku ano achuluka ngati mango a mu December. Cha m'ma 2010 ku England opeza First anali pafupifupi 16 pa 100, nthawi ya Covid anadutsa 35 pa 100, ndiye mukuti ana anzeru anabadwa chaka chimodzi? Office for Students, ofesi yoyang'anira mayunivesite ku England, yakhala ikudandaula zomwezi. Mayunivesite anafewetsa masamu awo, kutaya mojulo yoipa, kukweza amene ali m'malire, kuwerengera njira ziwiri n'kutenga yokomera mwana. Ife tinavutika.

AphunzitsiAMasamu
Alamu manambala anuwo ndi oona ndipo atsikako kuchokera nthawi ya Covid, paja zaka zimenezo kunali ndondomeko ya no detriment yoti malikisi a nthawi ya mliri asamugwetse munthu pansi pa avereji yomwe anali nayo kale. Koma za kutaya mojulo yoipa sindikuona chachilendo kwa ife, MSCE timawerengera maphunziro sikisi okhoza bwino, enawo amatsala. Amene analemba naini n'kulakwa Physics palibe amati 12 points yake ndi yabodza.

Ndipo @NaPhiri_22 ichi n'chofunika ukachione m'malamulo anu. Ngati kwanu amataya makirediti 20 otsikitsitsa pa level 5, 40 ija ichoka, kutsala 300 gawa ndi 5, avereji yako ndi 60 ndendende. Koma ena salola kutaya mojulo ya core, yomwe aliyense pa kosiyo ayenera kuichita, ndipo dizeteshoni ndiye sitayidwa.

Mlamu_wa_Luton
MSCE aliyense lamulo lake ndi limodzi kuyambira Nsanje mpaka Chitipa. Kunoku ana awiri malikisi ofanana ndendende, wina atuluka ndi First wina 2:1 chifukwa choti sukulu ndi zosiyana. Chilungamo chili pati?

MwanaWaMlimi
Apo pokha ndikugwirizana nanu alamu.

Sisi_Nurse_Bham
Ine ndabwerera pa 40 ija. @NaPhiri_22 chinachitika n'chiyani mu January muja? Munthu wopeza ma 60 salephera mayeso popanda chifukwa. Ngati simukufuna kunena pagulu palibe vuto.

NaPhiri_22
Bambo anga anamwalira pa 2 January chaka chathachi. Ndinakwera ndege kupita ku maliro, ndinabwerako kutatsala masiku atatu kuti ndilembe, mutu sunali kugwira, m'chipinda cha mayeso ndinangokhala kuyang'ana pepala mpaka nthawi kutha. Kusukulu sindinauze aliyense, ndinkaona ngati ndi nkhani ya kubanja yosayenera kupita nayo ku ofesi, komanso ndinkaopa kuti akadziwa kuti ndinatuluka m'dziko zikhudza viza. Nditabwera ndinawonjezeranso mashifiti ku care home kuti ndibweze ngongole ya tikiti.

Sisi_Nurse_Bham
Pepani kwambiri achemwali, Mulungu akutonthozeni. Zimenezi ndi zomwe ndimaganizira. Ife timaleredwa kuti mavuto a pakhomo sauza alendo, koma kuno dongosolo lake limafuna unene, ndipo unene msanga. Amazitcha extenuating circumstances, kwina mitigating circumstances. Maliro a kholo ndi chifukwa chovomerezeka. Akavomera amakulola kulemba mayeso ngati koyamba, malikisi osadulidwa. Ine chaka chachiwiri mwana wanga anagonekedwa m'chipatala masabata awiri, ndinadzaza fomu ndi kalata ya adokotala, asayimenti ndinapereka mochedwa ndipo 64 yanga inalowa yonse.

Vuto ndi loti fomuyo imakhala ndi nthawi yake, kawirikawiri masiku ochepa mayeso akangotha, ndipo inu papita chaka. Sindikulonjezani kanthu. Koma sukulu zina zimamvera pempho lochedwa ngati pali chifukwa chomveka chomwe munthu sananenere nthawi yake. Pitani ku advice service ya Students' Union, ndi yaulere ndipo si mbali ya dipatimenti yanu, mutenge satifiketi ya imfa, tikiti ya ndege, chidindo cha mu pasipoti, chilichonse chosonyeza madeti. Ngakhale atakana kubweza 67, bola zikhale mu faelo yanu board ya mayeso, komiti yotsimikiza malikisi, isanakumane.

Mai_a_Tadala
Pepa mwanangu. Unasenza katundu wolemera wekhawekha.

Chigumula_Boy
Pepani achemwali, ndinayankha mwachidule osadziwa.

Kaning'ina_Glasgow
Pepani. Chinthu chimodzi choti mudziwe popita kumeneko, apilo yonena kuti lekichara anandichonga moumira saimva, amati academic judgement ndipo ngakhale OIA, ofesi yomva madandaulo a ophunzira ku England ndi Wales, siilowerera pamenepo. Zomwe amamva kawirikawiri ndi ziwiri: kuti ndondomeko sinatsatidwe, kapena panali vuto lomwe board sinadziwe ndipo pali chifukwa chomwe simunanenere. Yanu ili pa yachiwiriyo, ndiye kalata yanu ilunjike pamenepo, musakalembe zoti mayeso anali ovuta. Komanso mashifiti aja samalani, viza ya sukulu ndi maola 20 pa sabata nthawi ya temu, musapyole.

NaPhiri_22
Zikomo nonse, ndalira powerenga. Maola sindinapyole, owonjezerawo ndinkagwira pa holide ya Isitala. Handbook ndaipeza, tsamba 41. Akuti level 5 kamodzi level 6 kawiri, chaka choyamba palibe. Zotaya mojulo kulibe. Koma pali ndime ina sindikuimvetsa, akuti amene avereji yake yomaliza ili pakati pa 58.0 ndi 59.9 amukweza kupita ku 2:1 ngati makirediti osachepera 60 a level 6 ali ndi malikisi a kalasi yapamwambayo. Ndiye kuti chiyani kwa ine?

AphunzitsiAMasamu
Ndiye kuti uli ndi zitseko ziwiri. Choyamba ndi chija tawerenga, avereji 61.67 chaka chino, ulowa wekha osapempha munthu. Chachiwiri ndi cha m'malire: kuti avereji yomaliza ifike 58 ukufunika 174 kuchotsa 56.67, kutsala 117.33, gawa pawiri 58.67 chaka chino. Pa magawo sikisi aja ndi 352, chotsa 122 uli nazo, kutsala 230, ndiye 57.5 gawo lililonse. Koma pamwamba pake theka la makirediti a chaka chino likhale pa 60 kapena kuposa. Uli ndi 20 kale a 63 ija. Dizeteshoni ikangofika 60 ndi makirediti 40, pamodzi 60, wakwanitsa. Mwachitsanzo dizeteshoni 61, mamojulo awiriwo 55 ndi 55, onkhetsa 122 ndi 122 ndi 110 ndi 354, avereji 59, yomaliza 58.2, ndipo lamulo lija likukweza.

Koma dizeteshoni ikakhala 59 nkhani isintha, pamenepo mamojulo awiri otsalawo onse afunika 60 kuti makirediti akwane. Zitseko zonse ziwiri kiyi wake ndi dizeteshoni. Komabe iwe uziyang'ana 62, cha m'malirecho chikhale chogwera ukapunthwa.

Mlamu_wa_Luton
Mwaona zomwe ndimanena, 58.2 kusanduka 2:1.

Sisi_Nurse_Bham
Alamu mwanayu 67 yake anaisandutsa 40 ali pa maliro a bambo ake, pamenepo simunadandaule.

MwanaWaMlimi
Funsaninso ngati kukwezako kumachitika kokha kapena board imachita kukambirana, mawu oti will ndi may mu ndime imeneyo amasiyana kwambiri. Ndipo muonetsetse kuti handbook mwatsegulayo ndi ya chaka chomwe munalowa, malamulo amasintha ndipo nthawi zambiri amatsata chaka cholowera.

Zomba_Plateau
Za dizeteshoni, supavaiza wanu muzikumana naye. Ana ambiri akwathu amachita manyazi kugogoda pa ofesi ya lekichara ngati akukapempha ngongole, chonsecho maola amenewo munalipira kale mu fizi. Mupempheni marking criteria, muone chomwe chimasiyanitsa 58 ndi 65, kawirikawiri ndi choti wa 58 amangofotokoza zomwe ena analemba pomwe wa 65 amaziyerekeza n'kunena pomwe zikutsutsana ndi zomwe iye wapeza. Mutumizireni chaputala chimodzi msanga akuuzeni pomwe pakuperewera nthawi ikadalipo.

Wophunzira_TopUp
Pepani kulowetsa yanga, ine ndinabwera ndi advanced diploma ndikuchita top-up ya chaka chimodzi yoti ikwane digiri, kwa ine awerengera bwanji poti level 5 sindinachitire kuno?

AphunzitsiAMasamu
Kawirikawiri top-up kalasi imachokera pa makirediti 120 a level 6 okhawo, dipuloma inangokulowetsa pakhomo. Ndiye kwa iwe palibe chaka china chokunyamula, mojulo iliyonse ndi yolemera. Koma ona handbook yako nawenso.

NaPhiri_22
Ndabwera kudzakuuzani. Ndime ija yalembedwa will, ndipo handbook ndi ya chaka chathu, ndafunsa ku ofesi ya dipatimenti atsimikiza. Ku Students' Union andipatsa Lachinayi 11 koloko, mayi amene ndinalankhula naye pa foni wati ndibweretse mapepala onse ndipo andithandiza kulemba, wanena poyera kuti nthawi inadutsa kwambiri ndiye ndisayembekezere zambiri koma tiyesa. Achimwene anga kumudzi ajambula satifiketi ya imfa anditumizira pa WhatsApp usiku uno. Supavaiza ndamulembera, wandiyankha kuti ndimutumizire chaputala chachiwiri pofika pa 14. Mashifiti a Loweruka ndawasiya mpaka May. @Sisi_Nurse_Bham kodi chithunzi cha pa foni amalandira kapena ndiwauze achimwene apite akachite sikani ku tauni?

Sisi_Nurse_Bham
Achite sikani, ituluke PDF yooneka bwino ndi chidindo chomwe. Chithunzicho tengani Lachinayi muyambire pomwepo, sikaniyo ikafika mudzatumiza pa imelo.